Kucokera ku Minda ya Mpunga Kufika ku Mcenga: Ulendo wa m'Zigawo za China

Kuno kwathu tikaona munthu wocokera ku China, kaya akugulitsa m'sitolo ku Kamwala, kaya akuyang'anira nchito ya mseu, kaya ali pa mgodi wa ku Chambishi, timangoti "Mcaina uja", ndipo timayesa kuti tamufotokoza mokwanira. Kawirikawiri sitimufunsa kumene anabadwira. Komatu iye akakumana ndi mnzake wa dziko lomwelo, sipapita nthawi asanafunsane za kwao, pakuti wobadwira ku Guangdong ndi wobadwira ku Gansu amasiyana cakudya, kalankhulidwe ndi nyengo imene anakuliramo, kuposa m'mene Mcewa wa ku Katete amasiyanirana ndi Mlozi wa ku Mongu.

Dziko la China ndi lalikulu kuwirikiza Zambia ka 12 ndi kupitirirapo, ndipo muli anthu 1.4 biliyoni. Boma la ku Beijing limalamulira zigawo 22, madera asanu amene m'malamulo amachedwa odziyang'anira okha, mizinda inai imene ili pa mlingo wa cigawo, ndiponso Hong Kong ndi Macau, amene ali ndi malamulo awo-awo. Cisumbu ca Taiwan amaciwerenga ngati cigawo ca 23, ngakhale kuti cili ndi boma lake. Mwezi uno, owerenga athu okondedwa, yalani mapu patebulo, tiyende pamodzi m'njanji za dzikoli kucokera kum'mwera kufika kumadzulo kwenikweni. Ku Beijing sitifikako ai. Kumeneko n'kumene amatengera nduna ndi alendo olemekezeka, ndipo munthu amene waona likulu lokha sanaone dziko. Paulendowu tizipenyetsetsa madzi, cifukwa ndiwo anagawa China kalekale, mafumu asanalembe malire awo.

Tiyambire ku Guangzhou, likulu la cigawo ca Guangdong, mzinda umene amalonda athu ambiri amaudziwa popeza ndiko amakapikula katundu. Kuno kumatentha, mpweya ndi wa cinyezi, ndipo mvula imapitirira mamilimita 1,600 pa caka, pamene ku Chipata timalandira pafupifupi 1,000. Alimi amakolola mpunga kawiri pa caka, nthoci ndi nzimbe zili ponseponse. Kalembera wa 2020 anapeza anthu 126 miliyoni m'cigawo cimodzi comweci, pamene wathu wa 2022 anapeza 19.6 miliyoni m'Zambia yense. Eni dera amalankhula Cantonese, cinenero cimene munthu wa ku Beijing sangacimve pokhapokha ataciphunzira, ngakhale kuti akalemberana kalata amamvana, popeza zilembo zawo n'zimodzi.

Mpunga wokha sukadaunjika anthu cotere. Mu 1980 boma, motsogoleredwa ndi Deng Xiaoping, linapatula Shenzhen, kamzinda ka m'malire ndi Hong Kong, kuti akunja adzamangemo mafakitale pa msonkho wocepa. Pofika mu 2020 munali anthu opitirira 17 miliyoni. Mafoni, nsapato ndi zoseweretsa ana zambiri zimene timagula m'misika yathu zimapangidwa m'dera limeneli. Koma manja ambiri amene amazipanga ndi a anthu obwera, ocokera m'zigawo za m'kati monga Hunan, Sichuan, Guizhou ndi Henan. Tiwasunge mumtima anthu amenewa, pakuti tidzakumana nawo pobwerera.

Kale ulendo wa kumpoto unali wa miyezi. Ife Akatolika timakumbukira kuti Francis Xavier Woyera anamwalira mu 1552 pa cisumbu ca Shangchuan, pafupi ndi gombe la Guangdong lomweli, akudikira bwato lomulowetsa m'dziko. Bambo Matteo Ricci analoledwa kukhala ku Zhaoqing mu 1583, nasendera kumpoto pang'onopang'ono, pa mitsinje ndi m'mipata ya mapiri, nakhala zaka ku Shaozhou, ku Nanchang ndi ku Nanjing, mpaka anakhazikika ku Beijing mu 1601. Zinamutengera zaka 18, makamaka cifukwa codikira cilolezo ca akuluakulu. Kuyambira mu December 2012 sitima yothamanga imayenda makilomita 2,298 a pakati pa Guangzhou ndi Beijing m'maola pafupifupi asanu ndi atatu. Amene munakwerapo TAZARA, njanji imene Macaina anatimangira pakati pa 1970 ndi 1975, mukumbukira kuti makilomita 1,860 a pakati pa Kapiri Mposhi ndi Dar es Salaam ankadya masiku awiri zinthu zikayenda bwino. Komabe ife tikadapatsidwa kusankha, tikadakwera sitima zakale zoyenda pang'onopang'ono, za mipando yolimba, zimene zidakalipo ndipo ndizo za anthu wamba. Pa liwiro la makilomita 300 pa ola, dziko limangodutsa pa windo ngati utsi.

Tikaboola mapiri a Nanling tilowa m'Hunan, dziko la minda ya mpunga yodzaza madzi ndi ndiwo za tsabola wowawa. Mao Zedong anabadwira kuno, ku Shaoshan, mu 1893. Kunonso ndiko Yuan Longping, amene anamwalira mu 2021, anagwira nchito yake yopanga mbeu ya mpunga yobereka kwambiri, ndipo kwa ife dzina lake liyenera kuchulidwa kawirikawiri kuposa m'mene limachulidwira. Kumpoto kwa Hunan kuli Hubei ndi mzinda wa Wuhan, pa mtsinje wa Yangtze, wa makilomita 6,300, wautali kuposa mitsinje yonse ya mu Asia. Mpaka mu 1957, pamene ulalo woyamba unatha, ngolo za sitima zinkaoloka mtsinjewu zitakwezedwa pa zombo. Kumtunda kwake, pafupi ndi Yichang, kuli damu la Three Gorges, limene lingathe kupanga magetsi okwana mamegawati 22,500, ndipo polimanga anthu opitirira 1.2 miliyoni anasamutsidwa. Ife amene timadziwa za Atonga pafupifupi 57,000 amene anacotsedwa m'cigwa ca Zambezi pomanga Kariba, ndi m'mene zidzukulu zawo zimadandaulira kufikira lero, tikhoza kumva kulemera kwa nambala imeneyo.

Titalowa m'cigawo ca Henan, sitima imaoloka mtsinje wa Huai. Dzina lake silidziwika kwambiri kunja, koma mtsinjewu, pamodzi ndi mapiri a Qinling amene ali kumadzulo kwake, ndiwo malire enieni a kumpoto ndi kum'mwera kwa China. Kum'mwera kwake mvula imapitirira mamilimita 800 pa caka. Kumpoto imacepera pamenepo, ndipo mu January madzi amaundana m'maiwe. Wapaulendo amaona kusinthaku ndi maso. Minda ya madzi itha, kubwera cigwa cosalala cosaoneka mathero, m'mene tirigu amafesedwa mu October nakololedwa mu June, kenaka m'munda momwemo amabzala cimanga. Cakudya ca pa siteshoni naco cisintha: m'malo mwa mbale ya mpunga mupatsidwa mabanzi ophika ndi nthunzi, kapena ufa wa tirigu wokandidwa ndi kukokedwa ngati zingwe, wophikidwa mu msuzi. Ngakhale boma linatsata mzere womwewu. M'zaka za m'ma 1950, malasha atacepa, linagamula kuti mizinda ya kumpoto kwa mzerewu ndiyo idzakhala ndi mapaipi otenthetsa m'nyumba. Cotero munthu wa ku Wuhan, kumene cisanu cimaluma ndithu, anakula akubvala jekete m'nyumba mwake, pamene mnzake wa ku Beijing, kozizira koposa, amakhala m'malaya wamba.

Henan ali ndi anthu 99 miliyoni ndipo amakolola pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai a tirigu yense wa China. Tikhalepo pang'ono pano, cifukwa mbiri ya dziko lonse inamangidwa pa mtsinje umene umadutsa kumpoto kwa cigawoci, Huang He, ndiko kuti Mtsinje Wacikasu. Madzi ake amanyamula dothi lambiri lokokoloka kumtunda, ndipo akafika m'cigwa amalitula pansi. Caka ndi caka pansi pa mtsinje pamakwera, anthu nawonso amakweza zipupa za m'mbali, mpaka pa mzinda wa Kaifeng mtsinje umayenda pamwamba kuposa miseu ya mumzindamo. Cipupa cikagumuka, madzi sabwereranso m'njira yake. Mu 1938 asilikali a boma la Chiang Kai-shek anagumula dala cipupa pa Huayuankou kuti achinge asilikali a ku Japan, ndipo anthu wamba mazana a zikwi anafa ndi madzi, njala ndi matenda. Patangopita zaka makumi awiri, njala ya pakati pa 1959 ndi 1961 inapha anthu mamiliyoni ambiri m'dziko lonse, ndipo dera la Xinyang m'Henan momwemu linali limodzi mwa okanthidwa koposa. Njala imeneyo, gwero lake lalikulu linali malamulo a boma a zaulimi ndi mabodza a akuluakulu amene ankalemba zokolola zimene kunalibe. Nkhalamba za m'midzi imene tikuidutsayi zinaona zimenezo zili ana.

Lero bvuto la kumpoto ndi ludzu. Kuyambira mu December 2014 ngalande ya makilomita oposa 1,200 imatenga madzi pa damu la Danjiangkou, la pa mtsinje wa Han umene umathira mu Yangtze, kupita nawo ku Beijing ndi ku Tianjin. Pamenepanso midzi inasamutsidwa.

Pa Zhengzhou, likulu la Henan, njanji yocokera kum'mwera imapingasana ndi ya kum'mawa ndi kumadzulo. Apa tisiyane ndi opita ku Beijing, ife tikhotere kumadzulo. Posacedwa tifika ku Xi'an m'cigawo ca Shaanxi, likulu la mafumu akale. Mu 1974 alimi okumba citsime pafupi ndi mzindawu anapeza zidutswa za zifanizo zadothi, ndipo pofukula panapezeka asilikali adothi zikwizikwi olonda manda a mfumu yoyamba, Qin Shi Huang. Alendo onse amathamangira kumeneko. Ocepa amafunafuna mwala wolembedwa mu 781, wosungidwa mumzinda momwemo, wosimba za mmonke Alopen amene anafika ndi cikhulupiriro ca Cikhristu mu 635 kudzera njira ya amalonda a silika, njira yomweyi imene ife tikuitsata cobwerera. Kumpoto kwa Xi'an kuli zitunda za dothi lacikasu lofewa, lomwe lija limadetsa Huang He. Mitengo yomangira inali yosowa, cotero anthu anazolowera kukumba nyumba zawo m'zipupa za zitunda, nyumba zozizira bwino m'cilimwe ndi zofunda m'nyengo yacisanu.

Kupitirira apa dziko limayamba kuuma ndi kusowa anthu. Mu 1935 katswiri wina wa za malo, Hu Huanyong, analemba mzere pa mapu kucokera ku Heihe, kumpoto cakum'mawa m'malire ndi Russia, kufika ku Tengchong, kum'mwera cakumadzulo pafupi ndi Myanmar. Kum'mawa kwa mzerewo kuli malo osafika theka la dziko, koma anthu pafupifupi 94 pa 100 alionse amakhala kumeneko. Papita nkhondo, kusintha kwa boma, mafakitale ndi njanji, koma ciwerengero cimeneci casuntha pang'ono cabe, pakuti mzerewo umatsata kumene mitambo yocokera ku nyanja imathera mphamvu. Pofika ku Lanzhou, likulu la Gansu, mvula ndi ya mamilimita 300 okha kapena kupitirirapo pang'ono, mapiri ndi ambee, ndipo m'miseu muyamba kuoneka mizikiti ndi tizipewa toyera ta Asilamu a mtundu wa Hui. Boma limawerenga mitundu 56 ya anthu m'China. A mtundu wa Han ndi 91 pa 100 alionse, koma kuno kumadzulo ndiko kwao kwa mitundu ina yambiri.

Pa Lanzhou njira zigawika pawiri. Ya kumanzere imakwera ku Xining m'cigawo ca Qinghai, ndipo kucokera pamenepo makilomita 1,956 kufika ku Lhasa, likulu la Tibet. Njanjiyi inafika ku Lhasa mu July 2006. Pa mpata wa Tanggula imakwera mamita 5,072 pamwamba pa nyanja, kuwirikiza kawiri mapiri athu a Mafinga, ndipo pa mtunda wa makilomita oposa 500 inayalidwa pa nthaka youndana caka conse. M'ngolo amapoperamo mpweya wothandiza kupuma, cifukwa pamwamba potere munthu wosazolowera amamva mutu ndi cizungulire. Kunja kuli udzu waufupi, ng'ombe zaubweya zochedwa yak, ndi abusa amene cakudya cawo ndi ufa wa balere wokazinga ndi tiyi wothira mafuta a mkaka. Dera la Tibet ndi lalikulu kuposa Zambia, koma muli anthu osafika 4 miliyoni. Mlendo wakunja salowamo ndi pasipoti yokha: afunika cilolezo capadera, ndipo ayenera kuyenda ndi womuperekeza wobvomerezeka. Dalai Lama, mtsogoleri wa Abuda a kumeneko, anathawira ku India mu 1959 ndipo sanabwererenso. Dera lochedwa lodziyang'anira lokha limene mlendo saloledwa kuliyenda yekha limadzutsa mafunso, ndipo owerenga athu akhoza kuwafunsa okha.

Njira ya kumanja imalowa m'mpata wa Hexi, kanjira kotalika makilomita pafupifupi 1,000 pakati pa mapiri a cipale cofewa ndi cipululu. Imadutsa Jiayuguan, kumene Linga Lalikulu la mafumu a Ming linathera, nkulowa m'Xinjiang, dera lalikulu kuposa Zambia kawiri koma la anthu pafupifupi 26 miliyoni. M'malo ena mphepo ndi yoopsa kotero kuti anamanga zipupa m'mbali mwa njanji kuchinjiriza sitima. Ku Turpan mvula siifika ngakhale mamilimita 20 pa caka, komabe mzindawu ndi wochuka ndi mphesa ndi mavwende. Cinsinsi cake cili pansi pa nthaka: makolo a kumeneko anakumba ngalande zapansi, zochedwa karez, zotenga madzi a cipale cosungunuka m'mapiri a Tian Shan kufika m'minda popanda kuuma ndi dzuwa. Munthu amene anakumbapo citsime ca m'dimba mu October angalemekeze nchito imeneyo. Thonje la China, pafupifupi magawo asanu ndi anai mwa khumi, limalimidwa m'Xinjiang momwemu, ndi madzi othirira.

Eni dera ambiri ndi a mtundu wa Uyghur, Asilamu amene cinenero cawo ndi pacibale ndi ca ku Turkey ndipo amacilemba ndi zilembo za Ciarabu. Kuno ngakhale wochi ili ndi nkhani. China yense amatsata nthawi imodzi, ya ku Beijing, ngakhale kuti kucokera kum'mawa kufika kumadzulo ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 5,000. Cotero ku Kashgar, kumapeto kwa ulendo wathu, m'nyengo yacisanu dzuwa limatuluka ca m'ma 10 koloko. Anthu ambiri a mtundu wa Uyghur amabweza nthawi yawo ndi maola awiri, ndipo popangana ndi munthu muyenera kufunsa kuti akunena nthawi ya yani. Sitingacoke kuno osachula cinthu colemera. Kuyambira ca m'ma 2017 anthu ambirimbiri a mtundu umenewu anatsekeredwa m'misasa imene boma linkati ndi masukulu ophunzitsa nchito ndi othetsa ucigawenga. Pa 31 August 2022 ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inatulutsa lipoti lonena kuti ufulu wa anthu unaphwanyidwa kwambiri kumeneko, ndi kuti zina mwa zocitikazo zikhoza kukhala milandu yolakwira mtundu wa anthu. Boma la China linakana lipotilo. Wapaulendo amaonetsedwa msika ndi magule. Za m'mabanja samazimva, pakuti anthu amaopa kulankhula ndi mlendo.

Tsopano tibwerere, ndipo tibwerere ndi anthu aja tinawasiya m'mafakitale a ku Guangdong. Ulendo waukulu koposa wa m'zigawo za China ndi wawo. Anthu a kumidzi ogwira nchito kunja kwa ulimi alipo pafupifupi 300 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo anacoka kwao. Kuyambira mu 1958 munthu aliyense amalembedwa m'kaundula wochedwa hukou, wosonyeza kwao, ndipo kwa zaka zambiri sukulu ya boma, cipatala cotsika mtengo ndi penshoni zinkapezeka kumene munthu analembedwa kokha. Makolo athu amene ankayenda ndi citupa ku Migodi m'nthawi ya atsamunda angamve msanga nkhani imeneyi. Kuyambira mu 2014 boma lakhala likufewetsa lamuloli m'mizinda yaing'ono, koma m'mizinda ikuluikulu kulembedwa kudakali kobvuta. Zotsatira zake zimagwera ana. Mu 2013 bungwe la amai la dzikolo, All-China Women's Federation, linawerenga ana a kumidzi 61 miliyoni amene kholo lawo limodzi kapena onse awiri anali kutali ku nchito. Ambiri mwa iwo amaleredwa ndi agogo.

Akulu anati madzi saiwala khwawa. Kamodzi pa caka, pa Caka Catsopano ca kalendala yawo, cimene cimagwa pakati pa 21 January ndi 20 February, mafakitale amatseka ndipo khamu lonseli limabwerera kumudzi. Boma limapatula masiku 40 a mayendedwe apadera, matikiti a sitima amatha m'kanthawi kocepa, ndipo wosowa mpando amagula tikiti yoimirira, nkukhala pa cikwama cake m'kanjira usiku wonse. Mu January 2008 cipale cofewa cinagwa mwacilendo kum'mwera, cinadula mawaya a magetsi m'Hunan, ndipo anthu mazana a zikwi anaunjikana pa siteshoni ya Guangzhou masiku angapo, m'mvula ndi m'cisanu, osalola kubwerera m'mahositelo awo. Mu 2020 mzinda wa Wuhan unatsekedwa cifukwa ca Covid-19 pa 23 January, kutatsala masiku awiri kuti cikondwerero cifike, ndipo unakhala cotsekedwa masiku 76. M'zaka za mliriwo ambiri analephera kupita kwao, ena kangapo motsatizana.

Amene wafika amapeza cakudya ca madzulo ca banja lonse cikumudikira, cimene kumpoto kwa mtsinje wa Huai cimakhala timatumba ta ufa wa tirigu toikamo nyama, ndipo m'madera ambiri a kum'mwera makeke a mpunga. Ana amapatsidwa ndalama m'maenvulopu ofiira. Mwana wamng'ono amene sanaone amai ake miyezi khumi ndi umodzi nthawi zina amabisala kumbuyo kwa agogo, ndipo pamatenga masiku kuti azolowere. Cikondwerero cimatha pa tsiku la 15 ndi mwambo wa nyali, koma ambiri safika tsikulo. Sabata ikangotha, sitima za ku Sichuan, ku Guizhou ndi ku Henan zimadzazanso, zolowera ku gombe, ndipo agogo amatsala pa siteshoni atagwira adzukulu padzanja.